Geni ya ku Nyenyezi

AGOGO: Iwe mwamuna wanga, nsima yazizira. Chiyambire m'mawa maso ali pakompyutapo, kodi muli maliro m'menemo?

MDZUKULU: Ndili pa geni, agogo. Ndapakira golide matani 700 m'chombo, ndikufufuza kokagulitsa.

AGOGO: Golide matani 700! Nanga denga langa likudonthabe bwanji?

MDZUKULU: Ndi gemu, agogo, dzina lake Elite Dangerous. Anaipanga a Frontier Developments ku Cambridge, ku England, inatuluka mu 2014. Poyamba amakupatsa kachombo kotchedwa Sidewinder ndi ndalama 1,000 za m'gemumo, kenako uziona wekha. Muli nyenyezi 400 biliyoni.

AGOGO: Anawerenga ndani?

MDZUKULU: Kompyuta.

AGOGO: Inali ndi nthawi. Inenso mpamba wanga unali ndowa imodzi ya usipa, koma bambo ako anaphunzira nayo mpaka Fomu 4. Tsono mitengo ya kumwambako umaidziwa bwanji? Uli ndi mlamu kumeneko?

MDZUKULU: Pali tsamba la pa intaneti lotchedwa Inara. Osewera ambiri ali ndi kapulogalamu koti akatera pa siteshoni, kamatumiza mitengo ya pamsikapo, ndiye tonse timaona. Taonani apa. Awa akugula modula kuposa onse.

AGOGO: (apukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje, agunda galasi la kompyuta ndi chala cha mafuta a ndiwo) Nanga timalemba tating'onoting'ono iti kumapeto kuno tikuti chiyani?

MDZUKULU: Musagwire pamenepo, agogo! Akuti mtengowu unalembedwa masiku 12 apitawo.

AGOGO: Masiku 12! Umenewo si mtengo, ndi mphekesera. Chaka china mayi wina anatsika basi n'kutiuza kuti kumsika wakutiwakuti usipa ukusowa, anthu akulimbirana. Sitinafunse kuti anali kumeneko liti. Tinamanga madengu usiku womwewo. Pofika, msika wonse unali kununkha usipa, agalu akuchita kusankha. Kodi tsambalo amawerenga ndiwe wekha?

MDZUKULU: Ayi, dziko lonse lapansi.

AGOGO: Ndiye anzako anafika kale, akubwerera.

MDZUKULU: Komatu mukunena zoona. M'gemumu anthu akagulitsa kwambiri pamalo amodzi, mtengo umagwa. Tsambali limaonetsanso kuchuluka kwa katundu amene akufuna. Apa akufuna matani 90 okha.

AGOGO: Otsalawo ubwera nawo kuno, tidzasunga m'nkhokwe.

MDZUKULU: Ndisankha kwina basi. Ndili kale ndi malo m'maganizo, ndipo ndi pafupi. Ndidumpha kanayi kokha.

AGOGO: Kudumpha? Ndi golide yenseyo?

MDZUKULU: Chombo chimadumpha kuchoka pa nyenyezi ina kufika pa ina, ndipo kudumpha kumodzi ndi ngati mphindi imodzi. Koma chikalemedwa chimadumpha pafupi, ndiye ulendo umene chopanda kanthu chingadumphe kawiri, chodzaza chimadumpha mwina kanayi.

AGOGO: Zimenezo ndi bulu yemwe amadziwa. Ndiye pakatha mphindi zinayi ubwera kudzadya?

MDZUKULU: Eya... ayi, dikirani. Ukadumpha umafikira pa nyenyezi penipenipo. Kuchoka apo kukafika ku siteshoni umayenda ndithu. Mtunda wake amauyeza ndi liwiro la kuwala. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Kwa dzuwa lathuli kumatenga masekondi pafupifupi 500 kuti kufike kuno, mphindi 8 ndi pang'ono.

AGOGO: Ndiye dzuwa ndikuliona panjapo ndi la mphindi 8 zapitazo?

MDZUKULU: Ndithu.

AGOGO: Bola ilo. Likuposa mitengo yako. Tsono kumene ukupitako ndi masekondi angati?

MDZUKULU: Siteshoni yake ndi Hutton Orbital, ku Alpha Centauri, nyenyezi zoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu. Akuti... (awerenga ndi chala, abwerezanso) masekondi opitirira 6 miliyoni.

AGOGO: Ndikonze mkute wa zaka zingati?

MDZUKULU: Ayi, chombochi chimathamanga kuposa kuwala. Osewera amati ndi ola limodzi ndi theka.

AGOGO: Ukupanga chiyani nthawi yonseyo?

MDZUKULU: Kungoyang'ana. Koma suchokapo, chifukwa achifwamba akhoza kukuimitsa panjira n'kukulanda katundu.

AGOGO: Mpaka kumwamba kuli akuba? Abusa sanatiuzepo zimenezi. Ndiye ola ndi theka wangokhala, anzako a misika yapafupi apita n'kubwerera kangapo, phindu laling'ono koma likulowa. Sukulu ya m'tauni masamu amenewa saphunzitsa?

MDZUKULU: Simukumvetsa, agogo. Anzanga anandiuza kuti ukafika ku Hutton amakupatsa chombo chachikulu, Anaconda, chaulere.

AGOGO: Chaulere.

MDZUKULU: Ee.

AGOGO: Amene anakuuzayo akuyendera chimenecho?

MDZUKULU: Ayi, iye ali ndi china.

AGOGO: Pokuuzapo nkhope yake inali bwanji?

MDZUKULU: Tinkalemberana pafoni. Kungoti anaikapo tinkhope toseka... tambiri ndithu.

AGOGO: Hede! Tafunsa tsamba lakolo, kumeneko amagulitsa chiyani chenicheni.

MDZUKULU: (motsitsa mawu) Kapu yotchedwa Hutton Mug. Ndi mowa wina wake, Centauri Mega Gin.

AGOGO: Ola ndi theka kukagula kapu ndi kachasu! Kachasu ali kuseri kwa chigayo uku, kapu ndikubwereka. Nanga chilembo chachikulu icho pambalipo?

MDZUKULU: Ndi kukula kwa bwalo loterapo. Akuti M, kutanthauza zombo zapakatikati ndi zazing'ono.

AGOGO: Chako n'chotani?

MDZUKULU: Type-9. Chachikulu. Sichingatere.

AGOGO: Ukanafika n'kumazungulira panja ndi golide wako, eni ake akukuonera pawindo. Sendera uko, ndipatse kambewako. Tiyambe ndi misika imene mitengo yake ndi ya lero. Phindu tigawana pakati, ndipo gawo langa ndikufuna malata.