Belu la Pavlov Likulira M'tauni Muno

Ivan Pavlov, katswiri wa ku Russia amene analandira mphoto ya Nobel mu 1904, cholinga chake chinali kudziwa momwe chakudya chimagayikira m'mimba. Koma agalu ake ku St Petersburg anamupatsa ntchito ina. Ankayamba kukhetsa dovu nyama asanaione, pongomva mapazi a munthu wowabweretsera chakudya. Pavlov atayamba kuliza kachipangizo kogogoda asanawadyetse, mapeto ake phokoso lokhalo linkakwana kuti dovu liyenderere.

Pavlov akanafika ku Lilongwe, agalu aja akanawapatsa tchuthi.

Lowani mu wekishopu iliyonse ya pahotela. Wophunzitsa akutuluka thukuta kufotokoza za chitukuko, theka la anthu likusinza, ena akukanda foni kunsi kwa tebulo. Kenaka pakhomo patulukira mtsikana atanyamula pepala losainira ndi maenvulopu a khaki. Misana yonse nthawi imodzi njo! Bambo uja amaliza mkonono wakweza kale dzanja: "Zikomo a tcheya, ndingoonjezerapo pang'ono pa mfundo imeneyo." Mfundo yake iti, bambo? Chikhalirecho envulopu sinatsegulidwe n'komwe, mwina muli fomu chabe.

Ana athu nawo anaphunzira popanda mphunzitsi. Babu likangophethira, lokeshoni yonse "Ayakaaa!", akuluakulu ali liwiro la kutchaja.

Koma amene anatifika pamtima ndi B.F. Skinner wa ku America. Mu 1948 analemba za nkhunda zanjala zimene anaziika m'mabokosi, chakudya n'kumagwa chokha nthawi ikakwana, kaya nkhundayo ikuchita chiyani. Ina chakudya chinaipeza ikuzungulira, ndiye inayamba kumangozungulira. Ina kumangogwedeza mutu, poganiza kuti ndiye mankhwala ake. Musaseke msanga. Kodi simunamuone mnansi wanu ataimirira pansi pa mtengo wa mango, foni ili m'mwamba? Tsiku lina uthenga unalowa ali pamenepo, basi mpaka lero netiweki amaisaka mumtengomo.

Skinner yemweyo anapezanso kuti khalidwe lovuta kulithetsa ndi limene mphoto yake imabwera mwa apo ndi apo, osadziwika kuti ibwera liti. Izi amalume olemera amazidziwa osapita ku yunivesite. Lero akupatsa ya sopo, mawa "tionana kumapeto kwa mwezi", mkuja foni sakuyankha, sabata yamawa mwadzidzidzi thumba la ufa. Akanakhala opereka tsiku lililonse kenaka n'kusiya, achibale akanawatukwana mlungu umodzi n'kuiwala njira. Koma chifukwa ndi za mwayi, huta ikangolira pageti anyamata atatu akulimbirana kutsegula, wachinayi akupukuta galasi loyera kale. Anyamata obetcha mpira ndi oimba m'manja pamisonkhano ya ndale amadwala nthenda yomweyi.

Komatu pano n'zovuta kudziwa kuti akuweta mnzake ndani. Amalumewo akangomva "Bwana mkubwa, mwatuluka bwino lero!" dzanja limapita lokha m'thumba, nkhope ikadali yokwinya. Inu amene mukupita kukapempha ya fizi mawa, musayambe ndi vuto lanu. Yambani mwatamanda galimotoyo.