Wamva m'mimba atsekula chitseko, wogulitsa mipiringidzo akuseka

Makolo athu ankagona m'nyumba ya chitseko chimodzi chotsekedwa ndi mpiringidzo, chimbudzi chili kutchire. Usiku wa mwezi wa June, chisanu chitalowa m'mafupa, panalibe wofuna kuchoka pamphasa, kupatula uja amene nyemba zamadzulo zamuukira. Mpamene panachokera mwambi wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu wotere sapempha chilolezo, safunsa ngati kunja kuli fisi, ndipo mukamutsekera amaboola chipupa. Chimene makolowo sanachilote n'chakuti kudzabadwa munthu wachitatu, wosamva m'mimba, wosagonanso m'nyumbamo, amene ntchito yake ndi kugulitsa mipiringidzo. Iyeyu akamva kuti kwa anansi adya nyemba zosapsa amakweza mtengo. Masiku ano amavala suti, fakitale yake imapanganso zida zankhondo, ndipo masheya ake amagulitsidwa ku New York. Ine ndikuti wogula masheyawo, ngakhale pepala likunena za makamera ndi waya, chimene wagula kwenikweni ndi m'mimba mwa mnzake.

Anthu a m'makomboni a ku Glendale, m'boma la Mazowe ku Zimbabwe, mwambiwu safuna kuwamasulira. Agogo awo anachoka ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Angonia msonkho utawapotokola m'mimba, n'kuwoloka Zambezi cha ku Tete, kamtolo kali pamutu. Nthawi imeneyo chitseko sichinkalimba, pakuti mwini famu nayenso ankamva m'mimba: fodya, thonje ndi malalanje a ku Mazowe zinkalira manja. Boma la Southern Rhodesia linkatumiza malole a Ulere kukanyamula anthu osalipiritsa, ndipo bungwe lolemba anthu ntchito linkadziwika ndi dzina lotsekemera la Mthandizi. Kenako mphika unagudubuka. Kuyambira 2000 mafamu anasintha eni ake, ntchito zinatha, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira komweko ali alendo pachitupa, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anafewetsako zinthu. Zidzukulu zitamva m'mimba zinachita zimene anachita agogo. Zinaloza kumwera, ku Beitbridge, pa malire ndi South Africa, kukathyola malalanje ndi tomato m'mafamu a ku Limpopo. Ntchito ndi yomwe ija, wangosintha ndi mtsinje wowoloka, komanso lole ya ulere palibe.

Kumeneko wogulitsa mipiringidzo anali atafika kale. Mu March 2020, matenda a Covid-19 atavuta, unduna wa zomangamanga wa ku South Africa, pansi pa Patricia de Lille, unalamula kuti pamangidwe mpanda wa makilomita 40 m'mbali mwa Beitbridge pa mtengo wa marandi 37 miliyoni. Kuwerengera kwake, kilomita imodzi inadya pafupifupi miliyoni. Ntchito isanazizire n'komwe, mpandawo unali utadzaza mabowo, waya wina atabedwa, ndipo anthu anaupatsa dzina lakuti chingwe choyanikapo zovala. Uku kunali kunyoza zingwe zoyanikira, chifukwa zija za kukomboni zimatha zaka zingapo zisanaduke. Ku tsidya la Zimbabwe nzeru inali ina: gulu la makampani la Zimborders linakonza chipata cha Beitbridge ndi madola 300 miliyoni, n'kupatsidwa zaka 17 ndi theka zotolera ndalama kwa magalimoto odutsa. Choncho wina amadya potseka, wina amadya potsekula, ndipo onse awiri amapemphera pemphero limodzi, lakuti anthu asasiye kubwera pakhomopo.

Komwe masewerawa amaseweredwa ndi ndalama zochititsa chizungulire ndi ku America. Mu 2006 kampani ya Boeing, yopanga ndege za anthu ndi zankhondo zomwe, inapatsidwa kontirakiti ya SBInet, mpanda wosaoneka ndi maso wa nsanja, makamera ndi ma radar pa malire ndi Mexico. Pofika January 2011 boma linathetsa ntchitoyo litawononga pafupifupi madola 1 biliyoni pa makilomita 85 okha ku Arizona. Kukhala kumudzi, mmisiri wotere sapatsidwanso ngakhale khola la nkhunda, ndipo mwini nyumba amalumbira kuti sadzamanganso. Koma boma silinalumbire. Mu 2014 kampani ya Elbit Systems ya ku Israel inapatsidwa madola 145 miliyoni kuti imange nsanja zina mu Arizona yemweyo. Pambuyo pake kunabwera kampani ya Anduril, yomwe inayamba mu 2017, ndi nsanja zoyendera dzuwa zimene zimasiyanitsa zokha munthu ndi ng'ombe. Lero imapanga zambiri zankhondo, koma kasitomala wake woyambirira anali wa pa boda, ndipo mu 2025 oikamo ndalama anaiwerengera mtengo wopitirira madola 30 biliyoni. Ku Ulaya nakonso bungwe lolondera malire la Frontex linali ndi bajeti ya mayuro pafupifupi 6 miliyoni mu 2005, ndipo pofika 2022 inali itadutsa 700 miliyoni.

Apa mpamene malondawa amasiyana ndi ena onse. Wogulitsa mankhwala a nsikidzi akagulitsa osapha, mawa palibe amuyang'ana. Wogulitsa zolondera malire, mpanda ukabooka, bowolo ndilo umboni wakuti pakufunika kamera. Kamera ikaona anthu ochuluka, chiwerengerocho ndicho umboni wakuti pakufunika tindege topanda woyendetsa, ndipo ikaona ochepa, ndiye kuti ikugwira ntchito, tigule ina. Mwini masheya amazidziwa izi, n'chifukwa chake maso ake sakhala pa mtsinje, amakhala pa bokosi la mavoti. Donald Trump atapambana chisankho, pa 6 November 2024, masheya a GEO Group, kampani yosunga m'ndende anthu ogwidwa opanda mapepala, anakwera ndi pafupifupi 40 peresenti tsiku limodzi, boma latsopanolo lisanagwire ngakhale munthu mmodzi. Mu July 2025 nyumba ya malamulo ya ku America inavomereza madola oposa 46 biliyoni a khoma ndi zoyendera limodzi nalo. Nyemba zinali zisanaphikidwe n'komwe, koma mipiringidzo inali itakwera kale mtengo.

Wina anena kuti nyumba yopanda chitseko ndi khumbi, ndipo akunena zoona. Pa Limpopo sipadutsa ofuna ganyu okha. Pamadutsa ndudu zozembetsa, magalimoto obedwa, komanso magumaguma amene amabera ndi kuvulaza anthu owoloka omwewo. Dziko lili ndi ufulu wodziwa wolowa ndi wotuluka, ndipo kamera ndi yabwino kutalitali poyerekeza ndi mpanda wamagetsi umene boma la tsankho la ku South Africa linatchera m'malire m'zaka za m'ma 1980, wophera munthu pomwepo. Koma kuvomereza chitseko sikutanthauza kuvomereza mtengo uliwonse wa mpiringidzo. Funso limene kontirakiti siliyankha ndi lakuti ntchitoyo idzatha liti. Womanga mlatho amapereka mlatho n'kupita kwawo. Wolondera malire akati ntchito yatha ndiye kuti wadzichotsa ntchito, ndipo mmisiri wanzeru zake sasainira zimenezo.

Wina anenanso kuti makampaniwa sapambana nthawi zonse. Boeing inalandidwa ntchito, khothi lapadera la ku South Africa linagamula kuti omanga mpanda wa ku Beitbridge asadye phindu, ndipo masheya a GEO Group anatsikanso kwambiri m'kati mwa 2025, amene anagula mochedwa n'kumva m'mimba nawonso. Zonsezi n'zoona, ndipo kwa chimphona ngati Boeing biliyoni imodzi ya zaka zisanu ndi ndiwo zapambali. Amene amagwedezeka kwambiri ndi makampani odalira kasitomala mmodzi, boma, loti likasintha maganizo palibe kwina kokagulitsa nsanja. Koma taonani kuti wagwa ndi wogulitsa mmodzi, msika uli chilili. Boeing itachoka analowa a Elbit, a Elbit asanapume anafika a Anduril. Chimene chingagwetsedi msikawu n'chakuti fakitale ya thonje ya ku Glendale ilembe anthu ntchito yokwana kugula ufa, sopo ndi yunifolomu ya mwana, mnyamata n'kuona kuti kwa ng'ona za mu Limpopo kulibe chake. Zimenezo sizipezeka m'malonjezo a kampani iliyonse yogulitsa makamera.

Pali mwini masheya wina amene dzina lake silili ku New York, ngakhale phindu lake limakwera tsiku limodzi ndi la anzakewo. Ndi uja wowolotsa anthu usiku, ndi mnzake malaicha wa kangolo kodzaza mpaka matayala kuphwa. South Africa inakhazikitsa bungwe latsopano loyang'anira malire mu 2023, kenako n'kuyamba kuulutsa tindege toona kutentha kwa thupi mumdima. Njira yakale ikaoneka, wowolotsa amapeza ina yotalikirapo, yaminga yambiri, ndipo popeza ntchito yakula mtengo nawo umakula. Mnyamata wa kukomboni amene ulendo wake ukanadya mbuzi imodzi ya mayi ake tsopano akuyang'ana m'khola kuti yachiwiri ndi iti, pamene kandege kaja kali m'mwamba kukumuyembekezera, batire ikutha pang'onopang'ono, ndipo wogulitsa mabatire watumiza kale mtengo wa chaka chamawa.