Chitamando cha BaseEntity, Kholo Lopanda Nyumba

Pa zinthu zonse zimene olemba mapulogalamu a pa intaneti amaumba ndi manja awo kenaka n'kumazitukwana okha, palibe chimene chalandira mwano wosayenera kuposa kalasi yoyambira, imene a Java amakonda kuitcha BaseEntity pamene a Python amati BaseModel. Kalasi, pa ntchito imeneyi, ndi chikombole cholembedwa chimene chimafotokoza zimene chinthu chili nazo ndi zimene chimachita, kaya chinthucho ndi kasitomala, risiti kapena katundu wa m'sitolo, ndipo kalasi yoyambira ndi ija imene makalasi onse a gawo losunga deta amabadwirako n'kulandira zake zonse ngati cholowa. Khololi si mwana wapathengo ayi, pakuti mwambo wa cholowa unachokera ku Norway, m'chinenero cha Simula 67 cha Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard, ndipo Martin Fowler, m'buku lake la 2002 lotchedwa Patterns of Enterprise Application Architecture, analiveka dzina laulemu la Layer Supertype.

Kudzichepetsa kwake ndi kosowa. Mu Django ya Python amalilembera mawu akuti abstract = True, mu JPA ya Java amaliika chizindikiro cha @MappedSuperclass, ndipo zonse ziwiri zikutanthauza kuti silidzakhala ndi tebulo lakelake mu database, ndiye kuti m'nkhokwe mmene deta imasungidwa m'mizere ndi m'madanga. Limagawira mbumba yonse chuma likadali moyo, lokha osatsala ngakhale ndi mphasa yogonapo.

Pogawapo silifunsa kuti ndani akusowa chiyani, ndipo apa mpamene otsutsa amasokoneza kuwolowa manja ndi kusaganiza. Limayamba ndi madanga atatu, id amene ndi nambala yozindikirira mzere uliwonse, created_at ndi updated_at amene amasunga nthawi. Koma mlembi aliyense wodutsa amasiyapo kake, wina created_by, wina version, wina tenant_id, mpaka katebulo kongosunga maina a masiku 7 a sabata kamapezeka katasenza mbiri ya amene anasintha Lachiwiri komaliza ndi ola limene anachita zimenezo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma pusi ameneyu sagwa, amangonenepa, ndipo amene amagwa chagada ndi mlembi watsopano amene wauzidwa kuti awerenge fayiloyo tsiku lake loyamba pa ntchito.

Ntchito yake yopambana zonse, imene asing'anga ndi madokotala akhala akuilephera kuyambira kalekale, ndi yothetsa imfa. Ndi danga limodzi lokha, is_deleted kapena deleted_at, khololi limalamula kuti chinthu chofafanizidwa chisachoke m'nkhokwe koma chingobisika, njira imene eni ntchito amaitcha soft delete. Akufa amakhalabe pamudzi monga mizimu ya makolo, osaoneka koma olowerera pa mlandu uliwonse. Kasitomala amene anatseka akaunti yake chaka chatha akabwera kudzatsegula ina ndi imelo yomwe ija amabwezedwa pakhomo, chifukwa lamulo lakuti imelo isafanane ndi ya wina limamupeza akulimbirana dzina ndi mzimu wake womwe. Funso lililonse lopita ku database liyenera kukumbukira kupatula akufa, ndipo tsiku limene mlembi waiwala, lipoti la malonda limakwera mosangalatsa bwana, popeza marisiti ochotsedwa onse auka n'kuwerengedwa limodzi ndi amoyo. N'zoona kuti lamulo la GDPR la ku European Union, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limapatsa munthu ufulu wopempha kuti deta yake ifafanizidwe, ndipo kungoibisa sikukwanira. Koma kusamvana kumeneku kukungoonetsa kuti opanga malamulo akadali ndi chikhulupiriro pa manda. Ndipo khololi limadziwa malire ake, pakuti mu Django kufafaniza mizere yambiri nthawi imodzi kudzera mu QuerySet sikuitana delete() imene kalasi yoyambira inalemba, moti amene wamwalira yekha amasungidwa, koma mliri ukagwa onse amapita ulendo wosabwerera, khololo lili duu.

Palinso chilungamo chimene ophunzira anachipatsa dzina loipa. Mu 1998 Leonid Mikhajlov ndi Emil Sekerinski anafufuza chimene chimatchedwa fragile base class problem, kutanthauza kuti kusintha kooneka kwabwinobwino pa kholo kukhoza kuthyola ana amene sanakhudzidwe n'komwe. Mwambi umati nkhuyu zodya mwana zipota akulu, koma kuno zinthu zinakonzedwa bwino, pakuti wodya nkhuyu ndi mkulu ndipo m'mimba mumapota mwa ana onse mofanana, popanda tsankho. Chisankho chimodzi chapamwamba, chakuti id akhale nambala ya ma bit 32, chimaikira tebulo lililonse malire a 2,147,483,647. Ruby on Rails inasintha chisankho chimenechi mu 2017 ndi mtundu wa 5.1, komabe mu Novembala 2018 Basecamp 3, pulogalamu ya kampani imene David Heinemeier Hansson, mlengi wa Rails, ali mmodzi wa eni ake, inakhala maola pafupifupi 5 ikukana kulandira cholemba chatsopano, chifukwa tebulo lina lomangidwa pa mwambo wakale linafika pa malirewo. Cholowa chimene sichilambalala ngakhale nyumba ya mmisiri wake chiyenera kulemekezedwa. Django nayo, imene models.Model wake amapatsa ana id osapempha, inabweretsa DEFAULT_AUTO_FIELD, yosankhira mtundu wa id, mu 2021 ndi mtundu wa 3.2, pambuyo pa zaka pafupifupi 16 itulukireni mu 2005.

Otsutsa ali ndi buku lawo, la Design Patterns la 1994, limene linalangiza kuti kulumikiza tizigawo ting'onoting'ono n'kwabwino kuposa kudalira cholowa, ndipo malangizowo amatchulidwa mwaulemu pa misonkhano ndi anthu amene akabwerera pa kompyuta amawonjezera danga lina pa khololo. Yankho la Rails linafika mu 2016 ndi mtundu wa 5.0, pamene opanga Rails anaona kuti kholo lawo ActiveRecord::Base lokha silikukwanira ndipo anapatsa pulogalamu iliyonse yatsopano kholo lakelake, ApplicationRecord, kuti eni ake akhale ndi poikapo zawo. Fayilo imeneyo inkabadwa ndi mizere itatu yokha.