Penshoni ya mayi akunyumba

Anthu ophunzira amati munthu aziyamba kukonzekera zopuma pantchito tsitsi likadali lakuda. Ine ndayamba dazi litafika kale pankhongo, koma musandiderere. Mapulani ndili nawo, ochulukanso kuposa ndalama.

Pali penshoni. Lamulo limati abwana aziika 10 peresenti ya malipiro anga, ine 5 peresenti. Yangayo amadula ndisanaione n'komwe, ndipo amachita bwino, chifukwa ikanangofika m'thumba ikanathera pachiwaya cha tchipisi. Lamulo la 2023 litalola kuti wopuma pantchito azitenga theka la ndalama zake nthawi imodzi, nkhaniyo inafika kumudzi ine ndisanaimve. Amalume anayeza kale denga lawo, akudziwa malata ofunika. Alamu anga akufuna njinga yamoto ya kabaza, ati tizidzagawana phindu, ngakhale tsiku logawanalo salitchula. Theka limenelo latha ndikadali pantchito, ndipo mwini wakene sindili pamndandanda.

Ndinkasunganso kenakake m'sokosi yakale kuseri kwa wodilopu. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndinagona ndili ndi ndalama zomangira chipinda, n'kudzuka ndili ndi zogulira chitseko. Wakuba sanalowe, galu sanauwe.

Mnzanga wina wa tayi kuofesi anati ndigule masheya ku Malawi Stock Exchange ku Blantyre, ndizidzalandira gawo la phindu la kampani ndili chikhalire. Ndinamufunsa ngati sheya angaphedwe kukabwera apongozi. Atapukusa mutu, ndinakagula nkhuku zachikuda, chuma chooneka ndi maso. Chitopa chitadutsa m'dera lathu, tinadya chuma chonsecho sabata yomweyo, mwachangu, tikupempherera.

Katswiri weniweni wa zachuma ndimagona naye nyumba imodzi. Mayi akunyumba ali m'banki mkhonde. Lachinayi lililonse amayi amayala mikeka pansi pa mtengo wa mango, pakati n'kuika bokosi lachitsulo la maloko atatu, makiyi ake ali ndi amayi atatu osiyana. Wochedwa amalipira chindapusa, wolongolola pamsonkhano naye amalipira. Amagula masheya, kukongozana, kenako mu Disembala amaswa bokosi n'kugawana zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja.

Tsono malipiro anga safika pa 15. Likamayandikira tsikulo mayi amandiyang'ana mwachifundo. "Bambo, musapite kwa akatapila, adzakulandani wailesi. Ndikakutengereni kugulu." Ndimathokoza pogwira mtima. Mwezi ukatha ndimabweza ndi chiwongoladzanja chake, mosachedwa, poti wotolera ngongoleyo ndi yemwenso amagawa ndiwo. Pa 15 wina timayambiranso.

Disembala wathayu mayi anabwera ndi matumba a feteleza, mbuzi ziwiri ndi kalata ya amfumu ya kapoloti. Ndinakhala pansi kuwerengera, ndipo ndinazindikira mwendo umodzi wa mbuzizo kuti ndi wanga.

"Kodi mayi, inu penshoni yanu ili kuti?" ndinafunsa.

"Penshoni yanga ndinu, bambo," anatero akuthira madzi pa mpunga. "Bola musasiye kukongola."

Lachinayi lapitali ndikudutsa pamtengo wa mango uja, gulu lonse linaimika msonkhano n'kundiombera m'manja, mayi wina mpaka kululutira. Msungichuma anandifunsa ngati kuofesi kwathu kulinso abambo ena ngati ine.