Ulemu Upite kwa a Thuza

Anthu okwera mapiri ndi osayamika. Akatsika ku Nganda, nsonga ya Nyika yotalika mamita oposa 2,600, nkhani imangokhala ya mbidzi, maluwa ndi mitambo. Palibe amene amatchula bwenzi limene lawaperekeza ulendo wonse lili phee m'nsapato. Lero ndiwayankhulire ine a Thuza, mwana wa chidendene, mdzukulu wa sokosi yonyowa.

Akuluwa safuna zambiri. Apatseni nsapato yatsopano, mame a m'maudzu a ku Chelinda ndi kukhulana pang'ono, basi ntchito yayambika. Khungu lapamwamba likangolekana ndi lamkati, amathirapo timadzi pakati n'kukhazikika. Sapempha alawansi, sadikira msonkhano.

Koma chimene ndimawagomera nacho ndi chilungamo. M'dziko muno mulibe wokhometsa msonkho wodziwa kusankha ngati iwowa. Mayi wa ku Phoka amene amakwera chitunda cha Khondowe atasenza thumba la chimanga, kuphazi kuli mapatapata, samukhudza. Mapazi ake analipira kalekale. Iwo amadikira bwana wa ku Lilongwe amene wabwera kudzakwera phiri mongosangalala, atavala jombo za mtengo wa matumba angapo a feteleza. Ameneyo ndiye amamulipiritsa mpaka tambala yomaliza.

Ofesi yawo yaikulu ili pa msewu wa Golodi, wochoka ku Chitimba kukwera ku Livingstonia, wa makhota pafupifupi 20. Pamene Dr Robert Laws ankakhazikitsa mishoni pamwambapo mu 1894, ankathawa malungo a m'mbali mwa nyanja, osadziwa kuti akupezera a Thuza ntchito yosatha. Nthambi ina ili pa njira ya masiku atatu yochoka ku Chelinda kutsikira ku Livingstonia. Pokwera amagwira chidendene. Potsika, phazi likamatsetserekera kutsogolo, amasamukira kuzala. Kuphazi konse chitukuko chimafika mofanana.

Madzulo, moto ukayaka pafupi ndi tenti, mpamene mungaone mphamvu zawo. Mkulu amene kuntchito anthu amamunjenjemera wakhala pamwala, wavula sokosi pang'onopang'ono, mano ali gwa, akupempha pulasitala kwa mnyamata womunyamulira katundu. Ndale zaiwalika, mtsutso ndi umodzi: tiboole kapena ayi? Azaumoyo amati musaboole, khungulo likutchinjiriza chilonda ku tizilombo. Koma singano ili kale pamoto. Walira mvula, walira matope.

A Thuza ndi mboninso yosalandira ziphuphu. Chithunzi aliyense angajambulitse: kulowa pa geti ya Thazima pagalimoto, kutsika, kuima pathanthwe n'kutambasula manja. Thuza ndiye sagula pagolosale. Ndipo saiwala munthu. Amene wakwera mapiri zaka zambiri, mwina mpaka pa Sapitwa ku Mulanje, khungu lake limauma ndipo amayamba kudzitama kuti anathana nawo. Iwo amangomuyang'ana, podziwa kuti nsapato zimatha, ndipo tsiku logula zina lidzafika.

Choncho mukaona mnzanu Lolemba akutsimphina muofesi, kumwamba suti kunsi mapatapata, musamuseke. Mukokereni mpando, mumuthirire tiyi. Ndi nzika yabwino imeneyo: msonkho walipira wonse, ndipo Loweruka likubwerali akuti akupita kuphiri la Chombe kukalipira wina.