Helemeti ya apolisi

Mnyamata wina wa kabaza anandipsetsa mtima sabata yatha pamphambano ya ku Luwawa, pomwe msewu wafumbi umapatuka mu M1. Nditamupempha helemeti, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Adada, kunotu kulibe apolisi."

Helemetiyo inalipo ndithu, italendewera pahandulo. M'kati mwake munali tomato wa ku Jenda, sipanala, kabotolo ka petulo ndi foni ikuphulika nyimbo. Lamba wake ayenera kuti anaduka nthawi ya Bingu. Tinakwera ine, mayi wina wobereka mwana, ndi thumba la mbatatesi lomwe analipatsa malo aulemu kuposa anga. Nkhungu ya ku Viphya inali itatseka, mathiraki a matabwa akutulukira m'mapaini mosapereka moni, koma njinga yake ya Lifoyo nyali inafa kalekale, ndipo mabuleki anali mapatapata ake. Potsetsereka anazimitsa injini kuti asunge mafuta, n'kutembenuka kundifunsa ngati ndili ndi zosintha.

Lamulo la pamsewu limati woyendetsa ndi wokwera onse avale helemeti. Akabaza a ku Mzimba analimva mwawomwawo: helemeti ndi ya wapolisi, mutu ndi wa Mulungu. Amaivala akaona rodibuloko ya pa Jenda, akangodutsa imabwerera pachigongono. Zigongono za anyamata amenewa n'zotetezeka kuposa china chilichonse m'boma lino.

Okwerafe nafenso tili ndi zathu. Amayi amati iwononga meshi yomwe aluka dzulo. Abambo amati imanunkha thukuta la anthu ena, ili ndi nsabwe. Nanga achimwene obwera ku Joni? Abwera ndi jekete lachikopa, magalasi akuda, sipika yaikulu ngati nkhokwe, ndalama yogulira njinga ziwiri, koma ya helemeti akuti inathera pa Beitbridge. Njingayo aipereka kwa mphwawo amene waphunzira kuyendetsa m'mawa pabwalo la mpira, madzulo akunyamula kale azimayi oyembekezera.

Zikafika apa kuseka kumandithera. Ovulala amayambira pachipatala cha boma cha Mzimba, kenako Mzuzu Central, ena mpaka ku LION ku Lilongwe, chipatala cha mafupa ndi ubongo chomwe chinatsegulidwa mu 2023. Kumeneko palibe amene amafunsa za meshi, amangometa.

Pitirizani, anyamata, mukulemeretsa opala mabokosi. Ndipo kuno ku Viphya matabwa sasowa.