Ulemu kwa Chala cha Mkombaphala

Akuluakulu amati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Amenewo sanafike pa doko la Kachulu, kunyanja ya Chilwa. Kuno chala chimodzi, chamkombaphala, chimaswa munthu wathunthu dzuwa lisanatenthe, ndipo palibe amene adachithokozapo. Lero ndichithokoze ine.

Taimani padokopo m'mamawa mabwato akamakocheza. Mnyamata watsika ndi kabeseni ka matemba kosadzaza n'komwe. Chala chadziwa kale: mlesi uyu, wachezera kachasu. Mnzake wafika ndi milamba yodzaza bwato, makumba pamwamba. Chala sichichedwa: wakhwima ameneyu, suja anapita ku Mozambique mwezi watha? Mawa lake mwini chala akabwerako chimanjamanja, ndiye mumve nzeru zake: mwera unavuta, madzi atsika, ukonde watha. Akapha zambiri, ndi thukuta lake. Milandu inayi yagamulidwa tiyi asanazizire. Kukhoti ku Zomba akanafuna mboni, mapepala, kenako n'kukuuzani kuti mubwere mwezi wamawa. Chala sichipempha ngakhale ya kabaza. Kukhulupirika kwake kumaposa kwa galu, pajatu chala sichiloza mwini.

Luso lake lenileni limaoneka nyanja ikaphwa. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo, moti mvula ikavuta zaka zotsatizana dzuwa limamwa madzi mpaka pansi. Zinatero mu 1968, zinateronso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope ong'aluka. Koma mvula ilibe nkhope, dzuwa simungalitukwane likumva. Apa ndi pomwe chala chimatichitira chifundo, chimatipezera munthu. Msodzi amaloza alimi a mpunga a m'masikimu a Likangala ndi Domasi kuti akupatutsa madzi. Mlimi amaloza ootcha makala paphiri la Zomba. Makalawo amakayaka m'mbaula ya bwana wa m'tauni, yemwe akakhuta amaloza onse atatu kuti ndi mbuli zowononga chilengedwe. Aliyense ali nako kachoonadi kake. Chala sichinama kwenikweni, chimangodziwa pomwe chilekezere.

Kolera ikabuka, mlandu ndi wa asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba tija toyandama pakati pa mabango. Auve, basi. N'zoona kuti madzi amene amamwa ndi omwewo amadzithandiziramo. Koma chala n'chaulemu, sichifunsa mafunso ochititsa manyazi, monga kuti chimbudzi chimakumbidwa bwanji pamadzi, kapena kuti Likangala amanyamula zotani akamadutsa mumzinda wa Zomba potsikira kuno. Mu 2016 azaumoyo anachita kuvutika kuwalondola asodziwo ndi katemera. Ife tinangoloza tili kumtunda, mapazi ali gwa, ouma.

Ena amachinyoza kuti chimapitirira muyeso. Amatchula za 2017, pomwe mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje ndi ku Phalombe, kumwera kwa nyanja yomweyi, anthu n'kuphedwa popanda umboni, ena pa mlandu wongokhala achilendo. Amatchulanso agogo aja okhala okha kumapeto kwa mudzi, maso ofiira ndi utsi wa pamoto, amene mvula ikachedwa amasanduka omanga mvula. Koma taonani kusamala kwake: sichiloza mwini galimoto, sichiloza wa ana aamuna asanu amphamvu. Chimasankha wopanda womuyankhulira, kuti mlandu usatalike. Ndi mfumu iti imene imasunga nthawi ya anthu chotere?

Chikatha zonsezi sichipuma. Madzulo chimabwerera ku ntchito imene chinatengerako dzina, kukomba m'mbale, ndipo ndiwo zake ndi matemba a mlesi uja.

Inu awerengi, ndikudziwa kuti pofika pano mwamupeza kale munthu amene nkhaniyi ikunena. Musachedwe, pitani mukamuwerengere.